Musanasandutse galimoto kukhala nyumba

Mvula ikangosiya, fumbi n'kuyamba kuuluka, m'misewu ya kuno kumapiri a Dowa ndi Ntchisi mumayamba kudutsa galimoto zina zomwe ana amazithamangira uku akukuwa. Ndi ma Land Cruiser ndi ma Land Rover okhala ndi tenti yopinda padenga, zigubu m'mbali, fosholo ndi matayala awiri apadera kumbuyo. Nambala zake ndi za ku South Africa, Germany kapena Netherlands. Zina zimakwera kukaona nkhalango ya m'phiri la Ntchisi, zina zimatsetsereka kudzera pa Chezi ndi Mvera kulowera kunyanja ku Salima. Eni akewo amagona momwemo, kuphika momwemo, ndipo ena mwa iwo kwawoko alibenso nyumba ina. Adagulitsa kapena kuikamo alendi, n'kulonga moyo wawo wonse m'galimoto.

Kale tinkangoti n'zochita za azungu, basi. Lero foni zasintha zinthu. Anyamata a Folomu 4 amene ndimawaphunzitsa amaonera pa Facebook ndi TikTok timavidiyo ta anthu akudzuka m'galimoto m'mphepete mwa nyanja, kapu ya khofi ili m'manja, ndipo funso limene amandifunsa si lopusa ayi. "Aphunzitsi, ndi mmene zakwerera simenti ndi malatamu, bwanji munthu osangogula minibasi yakale, n'kuzula mipando, n'kuyalamo matiresi? Lendi palibe, ndipo geni ikavuta pa Mponela umangoliza injini wa ku Malomo." Sindiwaseka. Ena mwa iwo chaka chamawa chomwechi adzakhala akugona m'galimoto ndithu, kaya monga othandizira madalaivala a mathiraki, kaya monga olondera sikelo ndi matumba a soya pa lole ya bwana wina wogula mbewu. Ndiye ndi bwino tikambirane zimene munthu amayenera kukonza asanatseke chitseko cha kumudzi.

Kumene moyo umenewu udazika mizu kwenikweni ndi ku America. Kumeneko galimoto yopangidwira kukhalamo amaitchula mwachidule kuti RV, ndipo makampani ngati Winnebago, imene idayambira m'chigawo cha Iowa, akhala akupanga galimotozi kwa zaka zoposa 50. Mkati mumakhala bedi, sinki, chitofu, firiji ndi kachimbudzi. Ogula ambiri ndi anthu opuma pantchito amene ali ndi penshoni yonona, monganso zilili ku Australia ndi ku South Africa. Koma kuli gulu lina limene timavidiyo tija sitilionetsa kawirikawiri. Chuma cha America chitagwedezeka mu 2008, anthu mamiliyoni adalandidwa nyumba ndi mabanki atalephera kubweza ngongole. Mtolankhani Jessica Bruder adatsatira ena mwa anthu amene adathawira m'galimoto, makamaka achikulire, ndipo mu 2017 adatulutsa buku lotchedwa Nomadland. Filimu yochokera m'bukuli idapata mphoto ya Oscar mu 2021. Anthu a m'nkhaniyi sadalowe m'galimoto pofuna kuona dziko. Amayenda kutsata ganyu: kulongedza katundu m'nyumba zosungiramo katundu za Amazon nyengo ya Khirisimasi, kukolola ku North Dakota mbewu ina ya mizu imene amapangira shuga, kutsuka zimbudzi m'malo ogona alendo. Ife amene tidakulira pafupi ndi maesiteti a fodya tingati ndi matenanti, kungoti zisakasa zawo zili ndi matayala.

Komabe ngakhale osaukawo ali ndi mwayi umodzi umene ife tilibe. Dziko lawo lidawamangira mbali zina za nyumba m'mphepete mwa msewu. Boma lili ndi malo aakulu m'zipululu za kumadzulo komwe munthu amaloledwa kuima ulere kwa masiku 14 asanasunthe. Kuli malo okhuthulirako zonyansa za m'chimbudzi cha m'galimoto ndi kutungirako madzi. Kuli makampani olandira makalata a anthu opanda keyala, n'kumawatumizira komwe ali. Ku South Dakota, keyala ya kampani yotereyi pamodzi ndi lisiti ya usiku umodzi pamalo ogona alendo zimathandiza munthu kutenga laisensi ya kumeneko. Katauni ka Quartzsite ku Arizona kamadzaza ndi galimoto zikwizikwi nyengo yozizira iliyonse, anthu n'kumaphunzitsana kukonza injini ndi sola. Kwathu kuno, kupatula malo ochepa a alendo monga ku Senga Bay, Kande ndi Chitimba, amene mitengo yake amaiganizira m'madola, zoterezi kulibe.

Tiyeni tiime pakhomo pa munthu wamba wa kwa Chiwere kapena kwa Kasakula, tiwerenge. Pali nyumba yogona, inde. Koma palinso khitchini, bafa, chimbudzi, thandala la mbale, dzala, nkhokwe, khola la mbuzi, chingwe choyanikapo zovala, mtengo wa mango wamthunzi, ndi kanjira kopita kumjigo. Zonsezi pamodzi ndiye timati pakhomo. Galimoto imalowa m'malo mwa chinthu chimodzi chokha pa zonsezi, ndicho kuchipinda. Zotsalazo wokhala m'galimoto amazisaka tsiku ndi tsiku, pamalo achilendo, kawirikawiri ndi ndalama. Ambiri akamakonzekera amatha miyezi akulota za bedi, makatani ndi mashelefu, pamene chomwe chidzawabweze kumudzi mwezi usanathe ndi madzi ndi chimbudzi.

Madzi amalemera, ndipo masamu ake ndi osavuta: lita imodzi ndi kilogalamu imodzi. Akatswiri a zaumoyo amati munthu mmodzi amafunika malita osachepera 20 patsiku kuti amwe, aphike ndi kusamba mongodzipukuta. Anthu awiri ndi malita 40. Pa sabata ndi malita 280, kutanthauza zigubu 14 za malita 20, zolemera kuposa matumba asanu a chimanga. Onjezanipo bedi, batire, ufa, makala, jeke ndi masipanala. Amene adakwerapo zitunda za kuno pa minibasi yodzaza akudziwa mmene masipuling'i ndi injini zimalirira. Choncho madzi a sabata yonse simunganyamule, muzitunga pakapita masiku awiri kapena atatu. Nanga kutunga kuti? Mjigo wa m'mudzi uli ndi komiti yake, ndipo mabanja amasonkha ndalama zokonzetsera. Mlendo wopempha chigubu chimodzi sakanizidwa, ndi chikhalidwe chathu. Koma wobwera ndi zigubu zisanu Lolemba, n'kudzatulukiranso Lachinayi, amayi apamjigo ayamba kumuyang'ana cham'mbali. Konzekerani kusonkha nawo. Musasowenso mankhwala othira m'madzi. Kolera ya 2022 mpaka 2023 idatenga miyoyo ya anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo munthu womwa madzi a zitsime zosiyanasiyana sabata iliyonse ndiye woyamba kukumana nayo.

Nkhani ya chimbudzi anthu amaizemba chifukwa cha manyazi, koma ndi imene imagamula mlandu wonse. Galimoto zambiri za RV zili ndi kathanki kotsekeka bwino pansi pa mpando wa chimbudzi, kamene amakakhuthula pamalo okonzedwera zimenezo. Inu mukakhuthula kuti? Mafumu ambiri kuno adakhazikitsa malamulo oti khomo lililonse likhale ndi chimbudzi, ndipo wopezeka akudzithandiza kutchire amalipa chindapusa. Alangizi a zaumoyo adavutika zaka zambiri kuti tifike pamenepa, sangalole kuti mlendo wa paminibasi adzatibweze m'mbuyo. Zimbudzi zolipira za pamsika amatseka dzuwa likalowa, pamene m'mimba simudziwa wotchi. Mwamuna angathe kuzembera kuseri kwa tayala, monga mphuno zathu zimatiuzira pamalo oima mathiraki, koma nanga mayi? Nanga mwana wotsegula m'mimba 2 koloko usiku, mvula ikugwa? Amene sadapeze yankho lomveka pa funso ili asagule kaye matiresi.

Kenako moto. Kuno kumtunda June ndi July sachita masewera. Nkhungu imakuta mapiri mpaka dzuwa litakwera, ndipo chitsulo cha galimoto chimazizira kuposa khoma la njerwa. Mtima umakuuza kuti ulowetse mbaula, utseke mawindo. Apa mundilole ndilankhule monga mphunzitsi wa sayansi. Makala akamayaka pamalo opanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya woipa wotchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, suoneka, sutsokomoletsa. Ukalowa m'magazi umalanda malo a mpweya wabwino, munthu amangomva mutu kuwawa ndi tulo tokoma, osadzukanso. M'nyumba yaudzu utsi umapeza potulukira, koma galimoto adaipanga dala kuti isamalowe mphepo. Gasi wophikira naye ali ndi khalidwe lake. Ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, choncho akamatuluka mobera amakhazikika pansi, pomwe pali mutu wa munthu wogona, kudikira kamoto ka machesi. Kuphika kuzichitikira panja, botolo la gasi lizikhala m'bokosi lakelake lobowola pansi, ndipo chisanu muthane nacho ndi mabulangete. Mu October vuto limatembenuka. Galimoto yoima padzuwa imasanduka uvuni, ukatsegula mawindo walowetsa udzudzu ndi dzanja la wakuba. Neti ndi waya wa pawindo zikhalepo musanagonemo usiku woyamba.

Magetsi ndiye savuta kwenikweni masiku ano. Sola imodzi padenga ndi batire yachiwiri, yosiyana ndi yolizira injini, zimakwanira foni, wailesi ndi mababu awiri. Ofuna firiji ndiwo awonjezere.

Akatswiri enieni a moyo umenewu tili nawo kale, kungoti sitiwatchula ndi dzina lokongola. Dziko lathu lilibe doko, choncho mafuta, feteleza ndi katundu wambiri zimabwera kuchokera ku Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban, zochuluka mwa izo pamsewu. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Dar es Salaam ndi makilomita oposa 1,500, ku Durban oposa 2,000. Dalaivala wa thiraki amatha masabata akugona pakabedi kakuseri kwa mpando wake, masiku ena osasuntha n'komwe, ali pamzere wa pachipata cha Songwe, Mwanza, Dedza kapena Beitbridge. Mukadzadutsa pa thiraki yoima pa Mponela kapena pa Madisi, mudzasuzumire pansi pa thirela. Mudzaona bokosi lachitsulo laloko, mkati muli ufa, usipa, mafuta ophikira, poto ndi kachitofu, chigubu cha madzi atachimangirira chapafupi. Khitchini ili panja, monga kumudzi. Alimi a fodya ndi madalaivala a malole nawonso amaudziwa moyowu nyengo ya msika, pamene amagona pambali pa mabelo kudikira kutsitsa ku Kanengo kapena ku Chinkhoma. Ndipo mafuta atasowa m'zaka za 2022 mpaka 2024, ngakhale mabwana a m'tauni adalawako tulo ta pampando wa galimoto pamizere ya pamalo omwetsera mafuta. Sindidamvepo ndi mmodzi yemwe amene adadzuka akuti n'zokoma.

Atsibweni anga ena ayendetsa mathiraki kwa zaka zambiri. Nditawafunsa chimene chimawasautsa kwambiri, adandiyankha kuti: "Mphwanga, kugona si vuto, thupi limazolowera. Chovuta ndi kudwala uli wekha. Malungo akakugwira pa Tete, ndani akuphikire phala?" Mawu awowa mbiri ikuwachitira umboni. Pa nthawi ya njala imene idagwa kummwera kwa Africa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, bungwe la World Food Programme lidavutika kupeza madalaivala okwanira onyamula chakudya chifukwa Edzi idali itatenga ambiri. N'chifukwa chake mu 2005, mogwirizana ndi kampani ya TNT, adatsegula kachipatala ka m'mbali mwa msewu pachipata cha Mwanza. Kameneka kadali koyamba mwa tizipatala ta m'makontena abuluu timene bungwe la North Star Alliance lidafalitsa m'misewu ikuluikulu ya mu Africa. Adazindikira kuti munthu wokhala m'galimoto sangasiye katundu wa mamiliyoni n'kukaima tsiku lonse pamzere wa kuchipatala. Inu amene mumalandira mankhwala nthawi ndi nthawi, kaya a shuga, a BP kapena ma ARV, kambiranani ndi achipatala musananyamuke, ndipo buku la kuchipatala lizikhala pamodzi ndi laisensi.

Tsopano funso limene alendo aja amalithetsa ndi madola: usiku muima pati? M'Malawi mulibe malo opanda mwini. Chooneka ngati tchire ndi munda wogonera wa wina, dambo la mudzi, manda, kapena dambwe, ndipo kuno kwa Achewa kuimika galimoto pafupi ndi dambwe, ngakhale mosadziwa, ndi mlandu. Nkhalango ya Ntchisi ndi yotetezedwa ndi boma, simungangolowamo n'kukoleza moto. Koma choopsa koposa ndi mantha a anthu. Tikukumbuka 2017, pamene mphekesera za anamapopa zidabuka ku Mulanje ndi Phalombe n'kufalikira mpaka ku Blantyre. Anthu osalakwa adaphedwa, midzi idatchinga misewu, galimoto zachilendo zidagendedwa, mpaka bungwe la United Nations lidachotsako antchito ake ena. Mu 2020 mphekesera zomwezo zidabukanso m'maboma ena a chigawo chapakati ndi kumpoto. Tsono taganizirani minibasi ya makatani otseka, mkati muli zigubu ndi mapaipi, itaima m'mphepete mwa mudzi usiku wachitatu wotsatizana. Ngakhale musalakwe kanthu, miyala ikupezani. Njira yake ndi yakale ija. Fikani dzuwa lisanalowe, mukaonekere kwa amfumu, munene dzina, kwanu ndi chimene mwadzera, ndipo muime pamene akulozerani. Pamalo ochitira malonda lankhulani ndi apolisi kapena alonda, ndipo kangachepe ka mlonda mukawerengere pa bajeti. Ameneyo ndiye lendi mumati mwamuthawa uja.

Anyamata anga amaiwalanso kuti nyumba ya njerwa zootcha imaima zaka makumi ikungofuna laimu ndi kukonza denga mwa apo ndi apo, pamene galimoto imadya ngakhale itangoima. Inshulansi ndi COF zimatha, matayala amang'aluka ndi dzuwa, batire imafa. Pafupifupi chitsulo chilichonse chosinthira chimachokera kunja, ndiye kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zipangizo idalumpha nthawi yomweyo. Minibasi imene mnyamata wa geni angaikwanitse ndi imene idatopa kale pamsewu wa Lilongwe ndi Kasungu. Galimoto ya munthu wamba ikalowa kugalaja, mwini wake amakwera kabaza kupita kunyumba. Yanu ikalowa kugalaja, nyumba yomwe yalowa kugalaja. Apolisi apamsewu akaigwira chifukwa cha pepala lotha ntchito, agwira bedi, mapoto ndi zovala zomwe. Choncho musanazule mpando ndi umodzi womwe, pitani ku ofesi ya Road Traffic mukafunse mmene galimoto yosinthidwa imalembetsedwera. Mufunsenso a inshulansi ngati angalipire moto utabuka chifukwa cha chitofu. Ndipo pakhale ndalama yapadera, yosakhudza, yokwanira kukonzetsa injini ndi kuchita lendi kachipinda miyezi iwiri. Walira mvula walira matope.

Pali chinthu china chimene munthu wa ku America sachiganizira kwenikweni koma ife sitingachithawe, ndicho mudzi. Polembetsa chitupa cha unzika amakufunsa mudzi ndi mfumu yaikulu. Voti umaponyera komwe udalembetsa. Maina a feteleza wotsika mtengo amachokera m'mudzi. A banki mkhonde amakongoza munthu amene akudziwa khomo lake. Mwana sangaphunzire Lolemba ku Nambuma, Lachisanu ku Khuwi. Munda ukagonera zaka zitatu, malire amayamba kuyenda okha usiku. Koposa zonse ndi maliro. Munthu wosaoneka pa zovuta za anzake, tsiku lake likafika adzukulu amachedwa kupeza makasu. Madalaivala anzeru amazidziwa zimenezi. Amatumiza chipepeso pa Airtel Money kapena Mpamba ali ku Tunduma, ndipo akangofika amayamba akapepesa kusiwa asanakhale pansi kunyumba kwawo. Za ukwati ndingodutsapo. Ndikufuna ndidzaione nkhoswe imene idzavomere mkamwini wobwera ndi minibasi m'malo mwa chikombole cha njerwa.

Kodi ndiye ndikuti zisachitike? Ayi. Kwa mnyamata wosakwatira wogula mbewu kuyambira April mpaka August, kwa mmisiri wa sola kapena makaniko woyendera midzi, galimoto yogonamo ingapulumutse ndalama zambiri zomwe zikadathera kumalo ogona alendo, ndipo katundu wake amamulondera yekha. Alendo a tenti padenga nawonso sindiwada, amagula tomato ndi mazira athu osanenerera mtengo. Amene ndikuona kuti akutaya mwayi ndi makhonsolo athu. Pa Mponela, Madisi ndi Lumbadzi pamagona mathiraki usiku uliwonse. Bwalo lampanda lokhala ndi mpopi, mabafa, zimbudzi zotsegula usiku wonse, getsi ndi mlonda, lolipiritsa mtengo woti dalaivala angakwanitse, lingabweze ndalama zake, n'kuchotsanso fungo lija kuseri kwa magolosale.

Kwa amene watsimikiza mtima, mayeso ndi awa, ndipo salira ndalama zambiri. Musagulitse munda, musaphwasule nyumba, musagawe ziwiya. Konzani galimotoyo mongoyembekezera, muiimike pabwalo panu pomwe, mukhalemo mwezi wathunthu wa January mvula ili pachimake, osati August pamene kunja kuli mbee. Lamulo likhale loti m'nyumba simulowa. Chimbudzi ndi bafa za pakhomo mungagwiritse ntchito pokhapokha mutaponya K500 m'chitini ulendo uliwonse, ndipo madzi muzikatunga kumjigo wa mudzi wina. Sabata yachitatu muyende nayo msewu wa ku Nthondo utasanduka phala. Mukhale ndi kope, muzilembamo malita a madzi, ndalama za makala ndi mafuta, maola amene mwagona, ndi komwe mwayanika zovala zonyowa. Ngati muli pabanja, mayi a kunyumba akhale ndi kope lawolawo, ndipo musaliwerenge mpaka pa 31.